Hidaya Apita ku Mwala wa Mphini

Hidaya ndi mtsikana wa zaka zisanu ndi ziwiri. Amakhala ku Lungwena, pafupi ndi nyanja. Amakhala ndi Amama ndi mkulu wake Zena.

Hidaya ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuona Mwala wa Mphini.

Mwalawo anauona pachithunzi. Chithunzicho chinali pakhoma la kalasi yawo. Unali mwala waukulu. Unali ndi mizere thupi lonse.

“Aphunzitsi, mizereyi analemba ndani?” anafunsa Hidaya tsiku lina.

“Udzapite ukauone wekha,” anatero aphunzitsi. “Uli kutsidya kwa nyanja, panjira ya ku Chembe.”

Koma kutsidya kunali kutali. Hidaya anali asanapiteko.

Sukulu itatsekera, pakhomo panaima galimoto yoyera. M’galimotomo munatuluka munthu wamtali. Anali bambo ake a Hidaya, a Jaffalie.

Iwo ankagwira ntchito ku Joni. Anakhalako zaka zinayi. Pamene ankapita, Hidaya anali ndi zaka zitatu zokha.

Hidaya ankawadziwa pafoni. Pafoni anali aang’ono. Ankakwana m’dzanja la Amama. Tsopano anali aatali kwambiri. Ankawerama polowa pakhomo. Mawu awo ankadzaza nyumba yonse.

Zena anathamanga. Anawakumbatira m’chiuno.

“Ababa! Ababa!” anakuwa Zena.

Hidaya sanathamange. Anabisala kuseri kwa chitenje cha Amama.

“Apatse moni Ababa ako,” anatero Amama.

Hidaya anagwada. Anapereka dzanja.  Koma liwu loti “Ababa” linakana kutuluka.

Ababa anatsegula chikwama. Zena anamupatsa diresi. Amama anawapatsa mpango. Hidaya anamupatsa nsapato zofiira.

Hidaya anayesa nsapato ya kumanja. Sinalowe. Anayesa ya kumanzere. Sinalowenso. Zinali nsapato za kamwana.

“Aa! Wakula chonchi?” anatero Ababa.

Anayang’ana nsapatozo nthawi yaitali. Kenako anazibwezera m’chikwama.

Hidaya anaganiza mumtima, “Sakundidziwa. Inenso sindikuwadziwa.”

Masiku atatu anadutsa. Ababa akalowa m’nyumba, Hidaya ankatuluka. Ababa akakhala pakhonde, Hidaya ankapita kuseri.

Tsiku lachinayi Ababa anatulutsa thumba lalitali lobiriwira.

“Umu muli nyumba,” anatero.

“Nyumba m’thumba?” Zena anaseka.

“Inde. Ndi tenti. Mnzanga wa kuntchito anandipatsa potsanzikana. Tiyeni tikagone kunja tsiku limodzi, tonse anayi. Tipite kuti?”

“Hidaya amangokamba za Mwala wa Mphini,” anatero Zena. “M’mawa, mwala. Masana, mwala.”

Ababa anatembenuka.

“Ndi zoona, Hidaya?”

Hidaya anagwedeza mutu kuvomera.

“Chambone,” anatero Ababa, kuvomera m’Chiyao. “Mawa tinyamuka.”

M’mawa analongedza katundu. Anakweza tenti. Anakweza mikeka ndi zofunda. Anakweza mbaula, makala ndi ketulo. Amama anatenga mpunga ndi chigubu cha madzi.

Ababa anakhala pachiwongolero. Amama anakhala pambali pawo. Zena ndi Hidaya anakhala kumbuyo.

“Bismillah,” anatero Ababa.

“Bismillah,” anayankha onse.

Galimoto inayenda, inayenda. Inadutsa minda. Inadutsa anthu a panjinga onyamula madengu a usipa. Inadutsa Malindi.

Kenako anafika pamlatho waukulu. Pansi pake pankayenda mtsinje wa Shire. Madzi anali phee. Munthu wina ankapalasa bwato pakati.

Ababa anayang’ana pagalasi.

“Hidaya, waona mtsinje?”

Hidaya anagwedeza mutu.

“Waona bwato?”

Hidaya anagwedezanso mutu.

M’tauni ya Mangochi munali phokoso. Munali njinga za kabaza paliponse. Ababa anaimitsa galimoto pafupi ndi msika. Anabwera ndi chinangwa chokazinga. Pamwamba pake panali mchere ndi tsabola.

Zena anadya. Amama anadya. Hidaya anangochigwira.

“Che Jaffalie,” anatero Amama chapansipansi, “Hidaya sadya tsabola.”

“Aa, sindimadziwa,” anatero Ababa.

Anatsikanso. Anapita mpaka kumsika kuja. Anabwera ndi chinangwa china chopanda tsabola. Anachipereka ndi manja awiri.

Hidaya analandira. Chinali chotentha. Chinali chokoma.

Galimoto inayenda, inayenda. Inatuluka m’tauni. Inadutsa Nkopola. M’mbali mwa msewu amayi ankagulitsa mikeka ndi zipewa za mlaza.

Kunalinso mitengo ya milambe. Inali yonenepa. Inalibe masamba.

“Tiyeni tiwerenge milambe,” anatero Ababa.

Zena anawerenga mokweza. Hidaya anawerenga ndi zala. Zala zitatha, anayambiranso.

Patsogolo anakhotera kumanzere. Msewu unayamba kulowa m’mapiri.

Mwadzidzidzi kunamveka, “Phuuu!”

Galimoto inapendekeka. Ababa anaimitsa pambali. Onse anatsika. Tayala la kumbuyo linali litaphwa. Msomali unali utalowa.

“Musadandaule,” anatero Ababa. “Tili ndi tayala lina.”

Anatulutsa jeke ndi sipanala. Anagwada pafumbi. Anamasula manati.

“Ndani andisungire manatiwa? Likasowa limodzi, tigona pano.”

Zena anali atagwira tayala. Amama anali atagwira chigubu. Panatsala Hidaya.

Hidaya anatambasula manja. Ababa anaikamo manati asanu. Anali otentha. Anali ndi mafuta akuda. Hidaya anawafumbata zolimba.

Ntchito inatenga nthawi. Nati lina linali litakana poyamba. Jeke nayenso ankatitimira mumchenga. Ababa anaikapo mwala pansi. Thukuta linkatsika pamphumi pawo.

Atamaliza, anatambasula dzanja. Hidaya anapereka nati loyamba. Anapereka lachiwiri. Anapereka onse asanu. Palibe limene linasowa.

Hidaya anayang’ana manja a Ababa. Anali okhakhala. Anali ndi zipsera zing’onozing’ono.

Ababa anaona kuti akuyang’ana.

“Ndi njerwa,” anatero. “Ku Joni ndinkanyamula njerwa tsiku lililonse.”

Hidaya ankafuna kufunsa ngati zinkapweteka. Koma sanafunse.

Galimoto inayambanso kuyenda. Inakwera phiri. Inatsika phiri. Anyani anali atakhala m’mbali mwa msewu. Mmodzi anali atabereka kamwana.

Kenako Zena analoza.

“Chikwangwani icho! Mwala wa Mphini!”

Hidaya anasuzumira pawindo msanga. Koma Amama anayang’ana dzuwa.

“Nthawi yatha ndi tayala lija,” anatero. “Tikamange kaye tenti kusanade. Mwala tidzauona mawa pobwerera.”

Galimoto sinaime. Hidaya anayang’ana kumbuyo. Anaona mitengo yokha. Mwala sanauone.

Anafika ku Chembe dzuwa litapendeka. Kunali malo ogona alendo, ozunguliridwa ndi mpanda wa bango. Mwini malowo anali Mayi Keti. Anawalozera pansi pa mtengo wa mango.

“Mumange apa,” anatero Mayi Keti. “Koma mukhomere bwino. Mwera wavuta sabata ino.”

Zinali zoona. Mphepo ya mwera inkaomba kwambiri. Inkagwedeza masamba. Inkaulutsa mchenga.

Ababa anakhuthula thumba lija. Munatuluka nsalu yaikulu yobiriwira. Munatuluka ndodo zazitali zopindika. Munatuluka zingwe ndi zikhomo.

Ababa anakanda mutu.

“Che Jaffalie, munayamba mwaimangapo?” anafunsa Amama.

“Ndinaonapo anthu akumanga,” anayankha Ababa.

Analowetsa ndodo imodzi apa. Analowetsa ina apo. Anakoka. Tenti inadzuka pang’ono. Kenako inagwa.

Anayesanso. Analowa m’kati kuti aikankhe ndi mutu. Tenti inawagwera. Ababa anasowa. Kunangooneka mapazi okha.

“Ndili kuti?” anafunsa Ababa m’kati mwa nsalu.

Zena anaseka mpaka kukhala pansi. Amama anaseka. Hidaya anaphimba pakamwa ndi dzanja. Koma mapewa ake ankagwedezeka.

Ababa anatuluka. Anayesa kachitatu. Mwera unabwera mwamphamvu. Unanyamula tenti yonse. Tenti inagubuduka ngati mpira. Ababa anaithamangitsa. Zena anaithamangitsa. Anaigwirira pampanda.

Tsopano palibe amene ankaseka. Dzuwa linali likutsika. Ababa anakhala pamuzu wa mtengo. Anali atatopa.

“Mwina tigona m’galimoto,” anatero. “Pepani, ana anga. Ndimafuna ulendowu ukhale wabwino.”

Hidaya anayandikira tenti. Anatola ndodo imodzi. Kunsonga kwake kunali kofiira. Anatola ina. Kunsonga kwake kunali kwachikasu.

Anayang’ana nsalu. Panali timatumba tolowetsamo ndodo. Kena kanali ndi mkombero wofiira. Kena kanali ndi mkombero wachikasu.

Hidaya anathamangira kwa Amama. Anawanong’oneza m’khutu.

“Ukawauze wekha,” anatero Amama.

Hidaya anapukusa mutu.

“Ukawauze wekha,” anateronso Amama. “Waona ndiwe.”

Hidaya anayenda pang’onopang’ono. Anaima pambali pa Ababa. Anakoka malaya awo pang’ono.

“Chofiira kwa chofiira,” anatero ndi mawu aang’ono. “Chachikasu kwa chachikasu.”

Ababa anayang’ana ndodo. Anayang’ana nsalu. Anayang’ana Hidaya.

“Tandionetsa,” anatero.

Hidaya analowetsa ndodo yofiira m’kathumba kofiira. Ababa anaikoka mbali inayo. Hidaya analowetsa yachikasu m’kathumba kachikasu. Zena anaikoka mbali inayo.

Ndodo zinapindika. Nsalu inakwera. Tenti inadzuka!

“Gwirani! Gwirani!” anakuwa Amama.

Hidaya ankapereka zikhomo. Ababa ankakhoma ndi mwala. Kho! Kho! Kho! Anamanga zingwe zonse.

Mwera unabweranso. Unakankha tenti. Tenti inagwedezeka. Koma sinagwe.

“Alhamdulillah!” anatero Ababa. “Hidaya watimangira nyumba.”

Hidaya anayang’ana pansi. Koma ankamwetulira.

Amama anaphika mpunga pambaula. Mayi Keti anawapatsa utaka wokazinga. Onse anadya. Onse anapemphera. Kenako analowa m’tenti.

M’tenti munali mothithikana. Amama ndi Zena anagona kukhoma. Hidaya anagona pakati. Ababa anagona pakhomo.

“Ine ndine chitseko,” anatero Ababa. “Mphepo ikafuna kulowa, iyambe yandipempha.”

Hidaya anaseka. Kenako anakumbukira mnzake Shakila. Bambo ake a Shakila anabwera kuchokera ku Joni chaka chatha. Anakhala masabata awiri okha. Tsiku lina Shakila anadzuka, iwo atapita kale.

Hidaya anasiya kuseka. Anafunda mpaka kumutu. Tulo tinamutenga.

M’mawa mbalame zinalira. Hidaya anatsegula maso. M’tenti munali kuwala kobiriwira.

Zena anali m’tulo. Amama munalibe. Pakhomo panali mkeka wokha. Chofunda cha Ababa chinali chopinda bwino.

Hidaya anatuluka. Anayang’ana pansi pa mtengo. Ababa panalibe. Anayang’ana pamene panaima galimoto. Galimoto panalibe. Panangotsala mizere ya matayala pamchenga.

Hidaya anabwerera m’tenti. Anagwedeza Zena.

“Zena! Galimoto ili kuti?”

“Kaya,” anatero Zena. Anatembenuka n’kugonanso.

Hidaya anatsatira mizere ya matayala. Inapita kuchipata. Inatuluka kunja. Inalowa mumsewu. Kumeneko inasakanikirana ndi mizere ina.

Hidaya anaima.  Anakhala pamwala wa pachipata. Misozi inayamba kutsika.

Amama anali kunyanja. Ankatsuka mbale. Pobwera anamuona. Anaika mbale pansi.

“Mwananga, watani?”

“Apita,” anatero Hidaya. “Abwerera ku Joni.”

“Ayi, mwananga. Apita kukamatitsa tayala lija. Abwera posachedwa.”

Hidaya anapukusa mutu.

“Kale munkateronso. Munkati abwera posachedwa. Koma sankabwera.”

Amama anamuyandikira. Kenako anakhala pamwala pomwepo. Anamukokera pafupi.

“Ukunena zoona,” anatero. “Ndinkatero. Nanenso ndinkadikira. Tiye tidikirire limodzi.”

Anadikira.

Kunamveka phokoso. Hidaya anaimirira. Inali njinga yamoto.

“Si iwo,” anatero Hidaya.

Anadikiranso.

Kunatulukira fumbi. Hidaya anaimirira. Inali lole ya nsomba.

“Si iwo,” anatero Hidaya.

Kunadutsa mbuzi zitatu. Kunadutsa mayi wosenza nkhuni. Kunadutsa galimoto yofiira ya alendo.

“Si iwo. Si iwo.”

Tsopano Hidaya anasiya kuimirira. Anaika mutu pamaondo.

Kenako Amama anamugwira paphewa.

“Taona uko.”

Pakona panatulukira galimoto yoyera. Inkayenda pang’onopang’ono. Pawindo panatuluka dzanja lalitali.

Hidaya anadumpha. Galimoto itaima, anathamanga.

“Ababa! Ababa!”

Ababa anatsegula chitseko msangamsanga. Anagwada pamchenga. Hidaya anawagwera pachifuwa. Anagwira malaya awo ndi manja onse awiri.

“Chachitika n’chiyani?” anafunsa Ababa. “Wapweteka?”

“Amayesa mwabwerera ku Joni,” anatero Amama.

Ababa anamukumbatira. Anapukuta misozi ya Hidaya ndi chala. Maso awonso anali atafiira.

“Ndalakwa, mwananga,” anatero. “Unali m’tulo. Sindinafune kukudzutsa. Womata matayala naye anachedwa kutsegula.”

“Mupitanso?” anafunsa Hidaya.

“Ku Joni? Ayi. Njerwa ndanyamula zokwanira. Galimotoyi ndabwera nayo kuti ndizigwirira ntchito konkuno. Ndizinyamula nsomba kupita nazo ku Mangochi. Ndizipita m’mawa. Ndizibwera madzulo.”

“Madzulo a tsiku lomwelo?”

“A tsiku lomwelo, Insha Allah.”

Hidaya anaganiza pang’ono.

“Mukamapita muzindiuza,” anatero. “Ngakhale ndili m’tulo.”

“Ndizikuuza.”

“Muzindidzutsa.”

“Ndizikudzutsa. Koma usamadzakwiye.”

“Sindidzakwiya,” anatero Hidaya.

Ababa anali atabweretsa zitumbuwa. Amama anawiritsa tiyi. Zena anadzuka atamva fungo.

“Bwanji maso afiira nonsenu?” anafunsa Zena.

“Ndi utsi wa mbaula,” anatero Amama.

Atamwa tiyi anapita kunyanja. Mwera unali utaleka. Madzi anali oyera ngati galasi. Hidaya ndi Ababa analowa mpaka m’maondo. Pafupi ndi miyala panali tinsomba tabuluu. Tina tinali ndi mizere yakuda.

“Musasunthe, Ababa,” ananong’oneza Hidaya. “Mutithawitsa.”

Ababa anaima njii ngati mtengo. Kansomba kamodzi kanabwera. Kanawajompha chala chakuphazi.

“Mayo! Kandidya!” anakuwa Ababa.

Tinsomba tonse tinathawa. Hidaya anaseka mokweza. Sanaphimbe pakamwa.

Kenako anaphwasula tenti. Anazula zikhomo. Anapinda nsalu. Nyumba inabwerera m’thumba. Anatsanzikana ndi Mayi Keti.

Galimoto inakwera phiri. Inafika pachikwangwani chija. Ulendo uno inaima.

Anatsika. Anayenda m’kanjira ka m’tchire. Masamba ouma ankalira kumapazi. Zena anali patsogolo. Amama anali pambuyo. Hidaya anagwira chala cha Ababa.

Kenako anauona.

Mwala wa Mphini unali waukulu kuposa pachithunzi. Unali wautali kuposa Ababa. Unali ndi mizere yozama paliponse. Ina inkatsika. Ina inkapingasa. Ina inkakumana n’kusiyananso.



“Mphini n’chiyani, Amama?” anafunsa Hidaya.

“Ndi timizere tocheka pakhungu,” anatero Amama. “Anganga anga anali nato pamasaya. Kale anthu ankati n’kukongola. Mwalawu ukuoneka ngati nkhope ya mphini.”

“Nanga mwalawu anaucheka ndani?”

Amama anayang’ana Ababa. Ababa anayang’ana mwala.

“Sindikudziwa bwinobwino,” anatero Ababa. “Ena amati si munthu. Amati ndi dzuwa, mvula ndi mphepo. Zinaucheka pang’onopang’ono, zaka zambirimbiri.”

“Mvula ingacheke mwala?”

“Ikamabwera chaka ndi chaka, mwina ingathe.”

Hidaya anayandikira. Anaika chala mumzere umodzi. Mwala unali wofunda. Buluzi anatuluka mumng’alu. Anamuyang’ana. Anathawira pamwamba.

Hidaya anatsatira mzerewo ndi chala. Unapita kumanja. Unakhota. Unayamba kukwera. Hidaya anaima ndi zala zakuphazi. Mzere unakwerabe. Dzanja lake silinafike.

“Ababa, ndinyamuleni.”

Ababa anawerama. Anamukweza pamapewa.

“Ii! Kulemera!” anatero. “Ndinakusiya wopepuka ngati kamwana ka nkhuku.”

Tsopano Hidaya anali pamwamba. Chala chake chinapitiriza ulendo. Ababa ankayenda cham’mbali, pang’onopang’ono.

“Kumanja, Ababa. Imani. Kumanjanso.”

Mzere unafika pamene unakumana ndi mizere ina itatu. M’kati mwake munali kambewu kouma ndi nyerere ziwiri.

“Ndapeza pothera pake!” anakuwa Hidaya. “Ndikawauza aphunzitsi. Ndikawauza kuti ndi wofunda. Pachithunzi sizioneka kuti ndi wofunda.”

Ababa anamutsitsa. Hidaya anamwetulira mano onse. Kutsogolo kunali mpata wa dzino limodzi.

Ababa anagwada. Anayang’anitsitsa.

“Dzino ili linachoka liti?”

“Mwezi wa Ramadani. Ndinkadya mzimbe.”

“Sindinaone,” anatero Ababa. “Zambiri sindinazione. Tsiku loyamba kusukulu sindinalione. Undiuze, Hidaya. Undiuze zonse.”

“Zonse?”

“Zonse. Uyambire poyambirira.”

“Ndi zambiri,” anatero Hidaya.

“Msewu ndi wautali,” anatero Ababa.

Analowa m’galimoto. Hidaya anayamba.

Anawauza za tsiku loyamba kusukulu. Analira mpaka Zena anabwera kudzakhala naye. Anawauza za nkhuku yake yamawangamawanga. Inaswa anapiye asanu ndi awiri. Kabawi anatenga mmodzi.

“Kenako?” anafunsa Ababa.

Anawauza za tsiku limene anaphunzira kusambira. Anamwa madzi ambiri. Anawauza za madarasa. Tsopano ankatha kuwerenga zilembo zonse za Chiarabu.

“Kenako?” anafunsa Ababa.

Galimoto inayenda, inayenda. Inatuluka m’mapiri. Zena anagona. Inadutsa Nkopola. Amama nawonso anayamba kusinza.

Hidaya sanagone. Ababa sanatope.

Anawoloka Shire nkhani isanathe. Anafika ku Lungwena nkhani isanathe. Galimoto inaima pakhomo.

“Sindinamalize,” anatero Hidaya. “Ndangofika pa Sitandade 1.”

Ababa anazimitsa injini. Anatembenuka. Anamwetulira.

“Udzapitiriza mawa, mwananga,” anatero. “Mawa ndilipo.”